Mafunso ndi mayankho: kupha tchire la m'kapinga ndi mankhwala osankha

Mvula ikakhazikika, kapinga wa pakhomo, pasukulu, patchalitchi kapena pabwalo la mpira amabiriwira limodzi ndi chisoso, khovani ndi dawe. Pabwalo laling'ono manja ndi kakhasu zimakwana, ndipo palibe chifukwa chogulira mankhwala. Bwalo likakula, kapena tchire likalukana ndi kapinga moti kuzula kukusiya zigamba, mankhwala osankha amapepuza ntchito. Koma kusankha kwawo kumadalira zinthu zitatu zomwe zili m'manja mwa wopopera: kudziwa kapinga wake, kudziwa tchire lake, ndi kuyeza mlingo.

Mankhwala osankha ndi otani, ndipo akusiyana bwanji ndi Roundup?

Ndi mankhwala omwe amapha mitundu ina ya zomera n'kusiya ina, ngakhale zonse zanyowa pamodzi. Odziwika pa kapinga ndi 2,4-D, MCPA, dicamba, mecoprop ndi bromoxynil, omwe amapha tchire la masamba otambalala. Nthawi zambiri amagulitsidwa awiri kapena atatu atasakanizidwa kale m'botolo limodzi. Palinso halosulfuron ndi bentazone, omwe ntchito yawo yaikulu pa kapinga ndi kulimbana ndi dawe.

Roundup ndi anzake onse okhala ndi glyphosate sasankha. Chobiriwira chilichonse chomwe akhudza chimafa, kapinga yemwe. Paraquat nayenso sasankha, ndipo ndi poizoni woopsa kwambiri kwa munthu, sayenera kupezeka pakhomo n'komwe. Mabwalo ambiri omwe amapserera onse pakatha sabata ziwiri amakhala kuti mwini wake anangonena m'sitolo kuti akufuna mankhwala opha udzu, wogulitsa n'kumupatsa glyphosate amene alimi amapopera m'munda asanabzale. Werengani dzina la mankhwala enieni omwe ali m'botolo, lolembedwa m'timalemba pansi pa dzina lalikulu la malonda.

Zimatheka bwanji kuti chisoso chife kapinga n'kutsala?

2,4-D, MCPA ndi dicamba amafanana ndi madzi a m'thupi la chomera omwe amachiuza kuti chikule. Akalowa m'masamba a chisoso amayenda mpaka ku nsonga ndi ku mizu, chomera n'kuyamba kukula mosalongosoka. Tsinde limapindika, masamba amakwinyika, misempha yoyendetsa chakudya imatsekeka, kenako chimauma. Masamba a chisoso ndi otambalala komanso ogona, ndiye amawakha madontho ambiri, ndipo nsonga yake yokulira ili pamtunda, poonekera. Masamba a kapinga ndi owonda, oimirira, nsonga yake yokulira yabisala pansi, ndipo mankhwala ochepa omwe alowa sayenda bwino m'thupi lake. Chitetezo chimenechi chili ndi pothera. Mukawirikiza mlingo, kapinga nayenso amapsa.

Ndi tchire liti limafa, ndi liti silifa?

Chisoso, bonongwe, mwamunaaligone ndi tchire lina lomera ndi njere chaka ndi chaka silivuta, makamaka likadali ndi masamba awiri mpaka asanu ndi limodzi. Kaudzu koyanga pansi kokhala ndi timinga tobaya ana kumapazi kamafanso bwino mukakapeza kasanabale timingato.

Khovani amavutirapo. Akadali wamng'ono amagonja, koma akakula n'kuyanga, mfundo iliyonse ya tsinde lake yomwe yakhudza nthaka imatha kuphukanso. Wamkuluyo yambani mwamuzula n'kumuchotsa pabwalo, mudzapopere zophukira zake. Kaudzu kowawasa ka masamba atatuatatu kokhala ndi tianyezi pansi kamafa pamwamba pokha, tianyezi n'kutsala, choncho kamafuna kubwereza.

Udzu wa mtundu umodzi ndi kapinga, monga chigombe ndi nansongole, sufa ndi mankhwalawa ngakhale pang'ono. Chomwe chikuteteza kapinga wanu chikutetezanso iwo. Chigombe chizuleni nthaka ikadali yofewa, chisanatulutse ngayaye. Nansongole wochepa mukhoza kumupaka glyphosate pa masamba ndi kaburashi kapena kasiponji, mutavala magolovesi, mosamala kuti asadonthere pa kapinga.

Nanga dawe? Tinapopera 2,4-D koma anaphukanso.

Dawe si tchire la masamba otambalala, komanso si udzu weniweni. Mukapotokola tsinde lake pakati pa zala mudzamva kuti lili ndi ngodya zitatu. Mphamvu zake zili m'timbatata ta pansi. 2,4-D amangofooketsa masamba, ndipo kuzula ndi manja kumadula mizu n'kusiya timbatata, tomwe timaphuka tochuluka kuposa kale.

Pa dawe funani halosulfuron. Amabwera ngati timibulu tosungunula m'madzi, ndipo mlingo wake ndi wochepa zedi: pafupifupi galamu imodzi, nthawi zina yosakwana, pa masikweya mita 100, malinga ndi lebulo. Amafuna kuthiramo mankhwala omatitsa madontho pa masamba, chifukwa masamba a dawe ndi oterera. Poperani dawe ali ndi masamba atatu mpaka asanu ndi atatu. Amasiya kukula m'masiku ochepa, koma chikasu ndi kuuma zimaoneka pakatha sabata ziwiri kapena zitatu, ndiye musafulumire kunena kuti mwagula achinyengo. Timbatata sitiphuka tonse nthawi imodzi, choncho yembekezani kubwereza pakatha sabata zisanu ndi imodzi kapena kuposerapo, komanso dzinja lotsatira. Bentazone amathandiza pa dawe wa ngayaye zachikasu, koma pa wa ngayaye zofiirira mphamvu zake n'zochepa.

Dawe amakonda malo odikha madzi. Ngati wadzaza ngodya imodzi yokha, onani ngati pali paipi yodontha kapena ngalande yotsekeka.

Kapinga aliyense amapirira mankhwalawa?

Ayi. Kapinga wa mtundu wa kikuyu, wa Cynodon (wa timasamba ting'onoting'ono) ndi wa paspalum amapirira 2,4-D ndi MCPA pa mlingo woyenera, ngakhale nthawi zina amachita chikasu pang'ono kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Kapinga wa mtundu wa buffalo ndi wa LM, omwe anthu amakonda kubzala pamthunzi, ndi osachedwa kupsa, makamaka ndi dicamba ndi 2,4-D. Pa iwowa gulani mankhwala okhawo omwe lebulo yake yatchula kapinga wanuyo ndi dzina.

Mabwalo ambiri ali ndi kapinga wosakanikirana, wina wopempha kwa mnansi, wina wodzimerera. Zikatero yesani kaye. Poperani kamalo ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi pakona yobisika, dikirani masiku 10 mpaka 14, muone.

Ndithire mankhwala ochuluka bwanji mu sipuleya ya malita 16?

Funso ili ndi lomwe limafunsidwa kwambiri, ndipo palibe nambala imodzi yoyankhira aliyense. Mlingo wa mankhwala opha tchire umawerengedwa pa kukula kwa malo, osati pa thanki. Anthu awiri atanyamula sipuleya zofanana, wina woyenda msanga akhoza kumaliza masikweya mita 800 ndi thanki imodzi, wina woyenda pang'onopang'ono n'kuthera pa 300. Akathira mamililita ofanana, wachiwiriyo wapatsa kapinga wake mankhwala opitirira kawiri a woyambayo. Choncho yambani mwadziyeza nokha ndi sipuleya yanu:

1. Yezani malo a mamita 10 m'litali ndi mamita 10 m'lifupi pa kapinga yemweyo, muzike zikhomo m'makona. Amenewo ndi masikweya mita 100.
2. Thirani madzi okhaokha mu sipuleya mpaka pa mzere wa malita 16.
3. Poperani malo onsewo monga mudzachitire tsiku lenilenilo: mayendedwe omwewo, kapopedwe komweko, nozo (kakamwa ka sipuleya kotulutsira madzi) yomweyo.
4. Bwezerani madzi ndi jagi yoyezera mpaka afikenso pamzere. Omwe mwabwezerawo ndiwo madzi omwe mumagwiritsa ntchito pa masikweya mita 100.
5. Chitani kawiri kapena katatu, mutenge nambala ya pakati.

Nambala yabwino imakhala pakati pa malita 2 ndi 4. Ikapitirira pamenepo mukuyenda mochedwa kapena bowo la nozo lakula.

Tsopano tengani mlingo wa pa lebulo. Malebulo ambiri amalemba pa hekitala, yomwe ndi masikweya mita 10,000. Lita imodzi pa hekitala ndi mamililita 10 pa masikweya mita 100. Tiyerekeze kuti lebulo yanena malita 3 pa hekitala: ndiye kuti mamililita 30 pa masikweya mita 100. Ngati poyeza paja munagwiritsa ntchito malita 4, thanki ya malita 16 ikwana masikweya mita 400, ndipo muthiramo mamililita 120. Ngati munagwiritsa ntchito malita 2, thanki yomweyo ikwana masikweya mita 800, ndipo muthiramo mamililita 240. Malita 3 amenewa ndi chitsanzo chowerengera chabe. Mphamvu za mankhwala zimasiyana botolo ndi botolo ngakhale onse alembedwa 2,4-D, ndiye nambala yoyambira ichokere pa botolo lanu.

Wina akadzatenga ntchitoyi, kaya ndi wosamalira pabwalo kaya ndi waganyu, ayezenso ndi mayendedwe ake.

Musayezere chitsekerero cha botolo, zitsekerero sizifanana. Sirinji ya mamililita 20 yopanda singano kapena kakapu koyezera kolembedwa manambala n'zotsika mtengo, ndipo zisadzagwirenso ntchito ina. Posakaniza, thirani madzi oyera theka la thanki kudzera pa sefa, onjezani mankhwala, khutchumulani, kenako dzazani. Madzi amatope amatseka nozo, ndipo madzi a mjigo amchere, aja osachita thovu ndi sopo, amafooketsa 2,4-D. Sakanizani okwana tsiku lomwelo basi.

Nozo iliyonse ikhoza kugwira ntchito?

Sipuleya zambiri zimabwera ndi nozo yozungulira yotulutsa nkhungu, yopangidwira mankhwala ophera tizilombo pa mbewu. Nkhunguyo imauluka ndi kamphepo kalikonse ndipo sigwa mofanana pansi. Pa tchire gulani nozo yotulutsa madzi mopyapyala ngati chikupizo, ya madontho akuluakulu. Popani mofatsa, osalimbitsa mpweya kwambiri, chifukwa mpweya ukachuluka madontho amachepa n'kuuluka. Nozo ikhale pafupifupi masentimita 50 kuchokera pansi, msinkhu wa bondo. Yendani mita imodzi pa sekondi iliyonse, mkono uli chilili, osaugwedezera uku ndi uku. Mangani chingwe pa zikhomo n'kumachisuntha mzere uliwonse, kuti musabwereze pomwe mwadutsa kapena kudumpha pena.

Ngati tchire lili apa ndi apo, poperani pa tchire pokhapo ndi msakanizo womwewo. Dutsani kamodzi kuti masamba anyowe, asachite kuyenderera.

Nthawi yabwino yopopera ndi iti?

Pamene tchire ndi laling'ono ndipo likukula mwamphamvu, nthaka ili ndi chinyontho. Ku Malawi nthawi imeneyi imakhala sabata ziwiri kapena zitatu mvula yobzalira itagwa, kawirikawiri mu Disembala. Tchire lofota ndi dzuwa la Okutobala limatseka timabowo ta m'masamba ndipo silimwa mankhwala, pomwe kapinga wofooka ndi ludzu ndi amene amapsa. Ngati mukufuna kupopera m'chilimwe, thirirani bwalo mokwanira masiku awiri kapena atatu musanapopere. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi, makamaka kumalo okwera monga Dedza ndi Mzuzu, zomera zimakula mochedwa ndipo mankhwala amagwiranso mochedwa. Ndi nyengo yomweyo mwera umawomba n'kuulutsa madontho a mankhwala.

Patsikulo, dikirani mame aume, mupopere dzuwa lisanakwere. Kukatentha kupitirira madigiri 30, zomwe sizisowa ku Chikwawa, ku Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja, lekani. Mphepo ikamagwedeza nthambi za mitengo, lekaninso. Mukapopera pafunika maola osachepera asanu ndi limodzi opanda mvula, ndipo musathirire mpaka tsiku lotsatira.

Nditchetche kaye, kapena ndipopere kaye?

Musatchetche masiku atatu musanapopere, kuti tchire likhale ndi masamba owakha mankhwala. Musatchetchenso masiku atatu mutapopera, kuti mankhwala atsike mpaka ku mizu.

Patha sabata, tchire langopindika koma silinafe. Ndibwereze?

Musabwereze. Kupindikako ndi umboni woti mankhwala alowa. Kumayamba pakatha tsiku limodzi mpaka masiku atatu, koma kufa kwenikweni kumatenga sabata ziwiri mpaka zinayi. Onaninso pakatha sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi, mupopere zokhazo zomwe zapulumuka. Malebulo ambiri a 2,4-D salola kupopera bwalo lonse kupitirira kawiri pachaka.

Ngati palibe chasintha n'komwe, chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa izi: mvula inagwa msanga, tchire linali lokalamba kapena lofota, munatchetcha dzulo lake, mlingo unachepa, kapena tchirelo ndi udzu kapena dawe. Kuonjezera mlingo sikukonza chilichonse mwa izi. Mankhwala akachuluka amawotcha masamba msanga asanafike ku mizu, tchire n'kuphukanso.

Kapinga wachita mizere yachikasu. Achira?

Mizere imasonyeza pomwe munadutsa kawiri, ndipo zigamba zozungulira zimasonyeza pomwe munaima nozo ikutuluka kapena ikudontha. Kikuyu ndi Cynodon nthawi zambiri amachira m'sabata zitatu kapena zinayi, chifukwa ali ndi mizu yoyanga pansi. Thirirani mokwanira, kwezani makina otchetchera, ndipo musathire feteleza wambiri mpaka mutaona masamba atsopano. Ngati bwalo lonse likusanduka la khaki mofanana, tchire ndi kapinga yemwe, m'thankimo munali glyphosate. Pamenepo pafunika kubzalanso.

Kodi angawononge maluwa, mitengo kapena dimba la mnansi?

Inde, ndipo apa mpofunika kusamala kuposa pena paliponse. Tomato, nyemba, soya, thonje, fodya, mpesa, mapapaya ndi maluwa a rozi zimapunduka ndi kankhungu kosaoneka ndi maso. Pakapita masiku, masamba atsopano a tomato amatuluka owonda, opotana, okhala ngati zingwe, ndipo mbewu yotero sibala bwino. Kwa mnansi amene akudalira dimbalo, imeneyo ndi ndalama ya sukulu ya ana.

2,4-D wopezeka kwambiri ndi wa mitundu iwiri, wa amine ndi wa ester. Wa ester amasanduka nthunzi kukatentha n'kuyenda yekha ngakhale patapita maola mutamaliza kupopera. Pakhomo gulani wa amine. Siyani mpata wa mita imodzi kapena awiri m'mbali mwa maluwa ndi ndiwo zamasamba, muzulemo ndi manja. Dicamba amalowa m'nthaka n'kumwedwa ndi mizu, choncho musamupopere pansi pa mitengo ya mango, mapeyala, malalanje kapena pa mpanda wa maluwa. Mizu ya mtengo imafika kutali kuposa pomwe nthambi zalekezera. Talikiraninso chitsime, mjigo, ngalande ndi damu la nsomba.

Udzu wotchetcha ndingapatse mbuzi ndi akalulu, kapena kupangira manyowa?

Wotchetcha maulendo atatu oyamba mutapopera musaupatse ziweto, musauphimbire pa bedi la ndiwo. Usiyeni pa kapinga pomwepo kapena muuunjike pawokha kwa miyezi ingapo. Ziweto zisadye pabwalo mpaka masiku omwe lebulo yanena atatha, ndipo tchire lofota ndi mankhwala lizichotsedwa, chifukwa zomera zina zapoizoni zimakoma kwa ziweto zikafota. Mukaona clopyralid kapena picloram pa lebulo, udzu wake usapite ku kompositi konse. Mankhwala amenewa amakhalitsa, amadutsa ngakhale m'mimba mwa ng'ombe n'kupezeka m'ndowe, ndipo amapundula tomato ndi nyemba nyengo yotsatira.

Ana ndi agalu abwerere liti pa kapinga? Nanga wopopera avale chiyani?

Asapondepo mpaka kapinga atauma. Kudikira tsiku lathunthu ndi bwino koposa, makamaka pa ana okwawa. Chotsani zidole, mbale za agalu ndi zovala zoyanika musanayambe, nkhuku muzitsekere.

Wopopera avale ovolosi kapena malaya a manja aatali ndi buluku lalitali, jombo za mphira, magolovesi a mphira osati a nsalu, ndi magalasi oteteza maso. Nthawi yoopsa kwambiri ndi yothira mankhwala osasungunula mu thanki: 2,4-D wa amine akagwera m'diso amatha kuliwononga. Onani ngati thanki sikudontha kumsana. Nozo ikatsekeka musaipemerere ndi pakamwa, itsukeni ndi madzi ndi kaburashi kofewa. Osadya, osasuta mpaka mutasamba ndi sopo, ndipo zovalazo zichapidwe pazokha.

Akagwera m'maso, tsukani ndi madzi oyera oyenderera kwa mphindi 15. Munthu akamwa, musamusanzitse, musamupatse mkaka, thamangirani naye kuchipatala mutanyamula botolo kuti achipatala awerenge lebulo. Sungani mankhwala m'botolo lake, pamalo okiya. Musawathire m'botolo la zakumwa ngakhale kwa tsiku limodzi.

Sipuleya yomweyo ndingapoperenso tomato ndikaitsuka?

Tikulangiza kuti musatero. Zotsalira za 2,4-D zimamatirira m'mapaipi ndi m'mphira, ndipo zochepa kwambiri zimakwana kupundula tomato. Khalani ndi sipuleya ya tchire payokha, yolembedwa ndi penti. Ngati muli nayo imodzi yokha, tsukani katatu ndi madzi ndi sopo mukupopa kuti adutse m'paipi ndi nozo, kenako dzazani madzi osakaniza ndi amoniya wa m'nyumba, mamililita 10 pa lita iliyonse, agone usiku wonse, mutsukenso. Yesani pa mbewu imodzi musanapopere dimba lonse.

Botolo likatha, litsukeni katatu, madzi otsukirawo muthire mu thanki n'kupopera pa kapinga. Kenako libooleni kuti wina asadzatungire madzi kapena kusungiramo mafuta ophikira.

Ndigule kuti, ndiyang'ane chiyani?

Gulani kwa wogulitsa zipangizo zaulimi wa chilolezo. Ku Malawi mankhwala otere amalembetsedwa ndi bungwe la Pesticides Control Board. Botolo likhale lomata, lebulo yonse yowerengeka, yosonyeza dzina la mankhwala enieni, mphamvu yake, mlingo ndi tsiku lopangidwa kapena lothera ntchito. Otapa m'timabotolo topanda lebulo pamsika asiyeni, simungadziwe chomwe chilimo. Mzere wa utoto m'munsi mwa lebulo ukusonyeza kuopsa kwake: wofiira ndiye woopsetsetsa, kenako wachikasu, wabuluu, wobiriwira. Wobiriwira amafunabe magolovesi.

Kapinga wongobzala kumene ndingamupopere?

Dikirani mpaka atagwira, atayanga, ndipo mwamutchetcha katatu. Wobzala ndi njere amafuna nthawi yotalikirapo kuposa wobzala ndi mitsitsi. Pakadali pano zulani ndi manja. Ngati mukufuna kufesa njere za kapinga pomwe mwapopera, papite sabata zinayi mpaka zisanu ndi imodzi.

Chaka chilichonse tchire limabwerera. Talakwitsa pati?

Mankhwalawa amapha chomwe chamera, njere za m'nthaka sazikhudza. Tchire likafa limasiya dothi poyera, ndipo kapinga akachedwa kutsekapo, njere zina zimamera pomwepo. Choncho ntchito yeniyeni imayamba tchire likauma.

Chomwe chimapha kapinga wambiri ndi kutchetcha mometa. Chikwakwa chikamafika mpaka pa dothi, dzuwa limawomba njere za tchire n'kuzidzutsa. Siyani Cynodon pa masentimita 2 mpaka 4, kikuyu pa 4 mpaka 5, LM ndi buffalo pa 5 mpaka 7, ndipo musadule kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake nthawi imodzi. Tchetchani tchire lisanabale njere.

Pakatha sabata ziwiri mutapopera, thirani feteleza: magalamu 15 mpaka 20 a CAN, kapena magalamu 10 a urea, pa sikweya mita iliyonse, masamba ali ouma, kenako thirirani kuti asawotche. M'chilimwe thirirani kwambiri kamodzi kapena kawiri pa sabata m'malo mowaza pang'ono tsiku ndi tsiku, kuti mizu itsike. Pomwe anthu amadutsadutsa nthaka imagangatika ndipo chigombe chimakonda pomwepo. Bayanibayani ndi foloko ya m'munda mozama masentimita 10, muwazepo mchenga wosakaniza ndi manyowa owolerana. Pa zigamba zazikulu kuposa chikhatho, dulani mitsitsi ya kapinga m'mbali mwa bwalo, muibzale motalikirana masentimita 15, n'kumathirira tsiku lililonse kwa sabata ziwiri zoyamba.